Makilomita Amene Anafufutidwa

Regina Namakhwa anagula galimoto yake yoyamba m'nyengo ya chiperoni, atapitirira kale zaka makumi anayi. Inali yaing'ono, yotuwira, yochokera ku Japan, ya zitseko zakumbuyo zotsegula mokoka. Anaigulira bambo ake, a Willard, amene anafa ziwalo mbali yakumanzere atadwala sitiroko. Kuwakweza minibasi kuchoka ku Chilomoni kupita kuchipatala inali nkhondo: kondakitala akufulumiza, anthu akuyang'ana kumbali, mwendo wa nkhalamba ukukanirira pakhomo. Regina ankagwira ntchito pa famase ina ku Limbe, ndipo tsiku lililonse la chipatala ankafika kuntchito mochedwa, msana ukuwawa.

Amene anamugulitsa galimotoyo anali mlamu wake Austin, mwamuna wa mng'ono wake Precious, yemwe ankachita bizinesi ya magalimoto pa kabwalo ka mpanda wa waya ku Chirimba. Austin anamulozera manambala a pa dashibodi kuti aone yekha kuti galimotoyo inali itangoyenda makilomita zikwi makumi asanu ndi pang'ono. Anati mwini wake ku Japan konko anali mayi wachikulire amene ankangopita nayo kumsika n'kubwerera.

Regina anamukonda mayi ameneyo osamuonapo. M'mawa uliwonse akaliza injini, mawu a mzimayi ankalankhula m'Chijapani kuchokera penapake pansi pa chiwongolero, mofatsa, ngati munthu wofunsa mnzake mmene wadzukira. Kasikirini ka pakati kankaonetsa mapu a kwawo kwa galimotoyo, ndipo pamapupo Regina anali kadontho koyandama pakati pa nyanja. Akamatsika kuchoka ku Chilomoni, nkhungu itameza phiri la Michiru mpaka m'munsi, kadonthoko kankasuntha pang'onopang'ono pamadzi opanda gombe, ndipo nyumba za m'mbali mwa msewu zinkatuluka m'nkhungumo imodziimodzi n'kusowanso. Pamenepo Regina ankamuona mayi uja m'maganizo: wamfupi, wa imvi, atavala magolovesi oyera, akuyendetsa m'tinjira tosesa bwino, basiketi ya masamba ili pampando wapambali. Nthawi zina pamzere wa magalimoto pa Chichiri ankapezeka akumwetulira yekha, ngati awiriwo ankangobwerekana galimotoyo, wina akagona kumeneko winayo n'kuitenga kuno.

Patapita milungu ingapo, kumiyendo yakutsogolo ya galimotoyo kunayamba kugogoda akadutsa pa mabampu, ndipo pamtunda galimoto inkadodoma isanasinthe giya. Mnzake wa kuntchito anamuuza za Hamudi, makaniko wa ku Mbayani, ndipo Loweruka lina m'mawa Regina anapita kumeneko. Galajayo inali shedi ya malata kuseri kwa mzikiti, ndipo kunali kamvula kowaza kosamveka ngakhale pa malatapo.

Hamudi anali wamtali, wosachulutsa mawu. Anamvetsera injini, analowa pansi, kenako analumikiza kakompyuta kake pansi pa chiwongolero. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti galimotoyo anaigula kwa ndani. Regina anayankha monyadira kuti kwa alamu ake. Hamudi anangonjuta n'kumuitana kuti aone labala ya pa buleki, yotha mpaka chitsulo kumawala, mpando wa dalaivala wophwa pakati ngati wa minibasi, ndi malo awiri oterera pa chiwongolero pamene manja amagwira.

"Mayi, manambala a pa dashibodi anawabweza," anatero motsitsa mawu. "Koma giyabokosi imasunga akeake. Iyi yayenda kupitirira makilomita zikwi mazana awiri."

Regina anafunsa ngati kompyuta singalakwitse. Hamudi anati ingalakwitse pang'ono, koma buleki simatha choncho ndi maulendo a kumsika. Anamulimbitsa mtima kuti galimotoyo sinali yakufa, injini inasamalidwa ndithu, kungoti inkafunika mashoko atsopano, mabushi ndi kusintha mafuta a giyabokosi, ndipo asachedwe nazo.

Mkwiyo sunabwere msanga. Regina anakhala m'galimotomo osaliza injini, timadontho tikusonkhana pa galasi n'kumatsetsereka. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya masana, ndipo Hamudi anasamba m'manja n'kupita. Chimene chinayamba kumupweteka chinali chakuti mayi wa magolovesi uja panalibenso. Anaika zikhato zake pa malo oterera aja napeza kuti manja amene anawapanga anali aakulu kuposa ake. Ndiye anali ndani? Mwina bambo woperekera katundu m'masitolo, wodzuka kusanache, wodyera m'galimoto momwemo, wogona pampando umenewu pamene kunja kukugwa chipale chofewa. Mwina anali ndi mwana wodwala kutali, ndipo msewu wopita kumeneko anachita kuuloweza. Mtunda wokwanira kuzungulira dziko lapansi kangapo munthu anauyenda tsiku ndi tsiku, atatopa, akuimba, akuda nkhawa, ndiye wina anangoufufuta masana amodzi ndi kawaya.

Regina sanabwerere kunyumba. Anadutsa ku Ndirande, phiri likuoneka theka lokha, n'kulowera ku Machinjiri kwa mng'ono wake. Anapeza Precious akuyanika zovala pa khonde chifukwa cha kamvulako, Austin ali pa balaza akuonera mpira. Atalonjerana, Regina anafotokoza zimene anamva ku Mbayani, mosakweza mawu.

Poyamba Austin anaseka, n'kunena kuti amakaniko a masiku ano amaopseza azimayi kuti apeze ntchito. Ataona kuti Regina sakuseka nawo, anati iyenso anaigula ili choncho, mwina anaibweza ku Japan konko kapena ku doko isanalowe m'dziko muno. Kenako anati zimenezi aliyense amachita, palibe kasitomala angayandikire galimoto ya manambala aakulu. Nkhani zitatuzo zinatuluka motsatizana, ina ikupondereza inzake, ndipo Precious anali ataima pakhomo ndi shati yonyowa m'manja, osalowa, osatuluka. Pomaliza Austin anati palibe vuto, aibweretse Lolemba, ali kale ndi kasitomala wina, mphunzitsi wa ku Zingwangwa. Akagulitsa amupezera ina yabwino.

"Mphunzitsiyo mukamuuza kuti yayenda makilomita angati, alamu?"

Austin anatenga limoti n'kuchepetsa mawu a mpira.

"Ndiye siichoka kwa ine," anatero Regina. "Koma zonse zimene wanena Hamudi mukonza ndinu, ndipo ku Mbayani mupita nokha."

Precious anamuperekeza mpaka pa galimoto. Anaima pafupi ndi windo, kamvula kakumunyowetsa tsitsi, n'kunena kuti, "Achemwali, ine sindimadziwa." Regina anamuyang'ana n'kugwedeza mutu. Panjira ankayesa kuganiza ngati wamukhulupirira, koma maganizo ankangothawira kwina, kwa bambo wa manja aakulu uja ndi misewu yake yoyera.

Austin anakonzadi galimotoyo, ngakhale anazengereza, akudandaula kwa aliyense wa m'banja kuti mlamu wake wamuchititsa manyazi. Hamudi anati tsiku limene Austin anabweretsa zipangizo anaima kunja kwa shedi nthawi yonse, akulankhula pa foni. Precious anasiya kubwera ku Chilomoni Lamulungu monga ankachitira. Ankangoimba foni kufunsa za bambo awo, mawu ake ali aulemu ngati a mlendo. Regina sanamukakamize. Madzulo ena akuwasisita mwendo a Willard, anawafotokozera nkhani yonse, ndipo iwo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa mpaka kutsokomola.

Chiperoni chitatha, Lamulungu lina kunacha kowala, mapiri onse akuoneka mpaka pamwamba. Atachoka kutchalitchi, Regina anawafunsa bambo ake ngati akufuna kupita kwinakwake, poti tsikulo silinali la chipatala. A Willard ankavutika kutulutsa mawu, koma awa anatuluka bwinobwino.

"Ku Bangwe."

Kumeneko n'kumene anafikira ali mnyamata atachoka kwawo ku Phalombe, akugwira ntchito ya fodya ku Limbe, asanakwatire. Regina anali asanaionepo nyumba imene ankakhala kumeneko. Galimoto inkayenda mwakachetechete tsopano, ndipo atadutsa Limbe n'kuyamba kukwera, a Willard ankaloza njira ndi dzanja lawo labwino, uku, kenako uku, kenako n'kukayika. Pamene ankati panali mtengo wa mkuyu panali saluni. Pamene ankati panali chitsime panali tchalitchi cha malata, anthu akuimbabe mkati. Anazungulira kawiri kanjira kamodzimodzi, ana akuwathawira m'mbali, fumbi likuwala padzuwa. Nyumbayo sanaipeze. A Willard sanaoneke okhumudwa. Ankangotchula mayina a anthu amene ankakhala kumeneko, limodzilimodzi, ngati akuwaona ataima pamakomo.

Akufuna kutembenuka pafupi ndi kagolosale, anaona nkhalamba ya kofia yoyera itakhala pa khonde kuseri kwa makina osokera. A Willard anagunda galasi ndi chala mpaka Regina anaima n'kuwatsitsira windo. Nkhalambayo inadzuka pang'onopang'ono, n'kuyandikira itatchinga maso ndi dzanja. Inasuzumira m'galimoto nthawi yaitali.

"Willard, ndiwe?"

Anali a Yusuph, amene ankagona nawo chipinda chimodzi masiku a fodya. Anagwirana dzanja kudzera pa windo osasiyana. A Yusuph ndi amene ankalankhula kwambiri, za amene anamwalira, za amene anabwerera kumudzi, za mtsikana wina wogulitsa zitumbuwa amene onse awiri ankamufuna, ndipo a Willard ankavomera ndi mutu, misozi ikutsika mbali imodzi. Mdzukulu wa a Yusuph, mtsikana wamkulu ndithu dzina lake Sumayyah, anatulutsa mpando kuti agogo ake akhale pafupi ndi galimoto, n'kubweretsanso tiyi.

Regina anathimitsa injini. Anakankhira mpando wake kumbuyo pang'ono n'kutsamira, dzuwa likumuwotha pa miyendo. Kutsidya, denga lililonse la Bangwe linkanyezimira, ndipo mawu a nkhalamba ziwirizo ankamveka ngati akuchokera kutali. Anaganiza zoti mawa amuimbire Precious kuti amuuze za a Yusuph, ndipo asanamalize kuganiza, tulo tinamutenga.