Maso a M'kachasu

Chico anasolola botolo lachinayi kunsi kwa kama n'kuliika pamphasa. M'kachasu wachikasu munkayandama timaso ta akalulu.

"Nachi chuma atisiyira bambo," anatero. "Tenga, dotora. N'chako."

Dália anapewa maso a mlongo wakeyo. Panali patapita masiku atatu chiikireni bambo awo, a Osório, kuno ku Zóbuè, kumene anasamukira mgodi wa malasha utawadyera munda ku Moatize. Dália anafika kuchokera ku Maputo manda atakwiriridwa kale.

Ntchito yake kumeneko inali kupima mapuloteni a m'maso mwa akalulu, kufufuza chimene chimayambitsa ng'ala. Tsiku lina anawafotokozera bambo ake pafoni, iwonso ng'ala itawagwira kale. Basi, mkuluyo anamanga khola! Akapha kalulu, maso m'botolo, botolo pa basi.

Koma diso lofunika ku laboratoriyo n'laliwisi, losungidwa pozizira. Kachasu amawononga zonse. Zaka zisanu Dália ankalandira mabotolo, kuthokoza, n'kukataya. Ankati adzawauza pamaso akadzabwera, koma kubwerako kunali kwa mawa, mawa.

Amayi awo, a Ludovina, anapapasa botolo limodzi n'kulifungatira.

"Mwanawe, undiuze zoona. Masowa ankakuthandiza?"

Bodza linali kale pamlomo, lozolowera njira. Koma Dália anawasowa bambo ake, ndipo anatopa nako kunama.

"Ayi, amayi. Ndinkataya. Ndinkaopa kuwakhumudwitsa."

"Mwamva?" Chico anamenya m'manja. "Munthu wosaona kumweta udzu m'mame zaka zisanu, zonse za kudzala!"

"Khala chete iwe," anatero amayi. Anapukuta fumbi pabotolopo ndi nsonga ya kapulana, chitenje chimene anavala. "Bambo ako nyama ya kalulu sankailawa n'komwe, inkawatupitsa thupi. Tinkangogawira anansi. Ine ndinawafunsapo, kodi zoviika m'mowazi zingachize munthu? Akuti, zimenezo akudziwa ndi asukulu. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti botolo likafika, mwana amaimba foni."

Dália anabisa nkhope m'manja. Panja akalulu ankakanda waya, ndipo palibe amene anali atawapatsa udzu.

A Ludovina anakulunga botolo lija m'kapulana wakale n'kuliika pamiyendo pa mwana wawo. Atatu otsalawo anawakankhira kunsi kwa kama.

"Lero utenge limodzi," anatero. "Enawa ndizitumiza ndekha."