Foni Yodzaza ndi Maliro

Bambo Ntiamoah anatulutsa sutikesi pansi pa bedi n'kuiika pabalaza, pamalo poti aliyense wolowa apunthwe. Analengeza kuti mwezi ukangotha akubwerera kwawo ku Mampong, ndipo wofuna kuwaletsa ayambe wagula chingwe.

Mwana wawo Pokuaa ndiye anawabweretsa ku Madina, mu Accra, atachita sitiroko yomwe inawafooketsa mwendo wamanzere. Kuchipatala ananenetsa kuti asamakhale okha, asamaphonye mankhwala, ndipo azipita kukawongola mwendo sabata iliyonse. Ku Mampong kunali nyumba yopanda munthu, pakuti mayi anamwalira kale. Pokuaa ankadziwa kuti akapita kumeneko mankhwala adzawayamba kumwa tsiku limene awakumbukira, ndipo akadzagwa m'bafa wowamva adzakhala nkhuku.

Koma chimene mdalayo ankasowa si nyumba. Ankasowa mnzawo wa ku Mampong, a Oteng. Awiriwa anayamba ali anyamata kusewera oware, bawo wathu wa mizere iwiri, pansi pa mtengo wa nimu pa siteshoni ya basi, ndipo kufikira imvi palibe amene anavomerapo kuti mnzake amatha. Pokuaa anayesa kusewera nawo madzulo kuti awasangalatse. Bambo ake anamudyera njere zonse, kenako anakankhira bolodi kumbali.

"Iwe umaluza mwaulemu," anatero. "Munthu woluza mwaulemu amandikweza magazi."

Pokuaa anali ndi digiri ya zamakompyuta, ndipo chaka chake chotumikira boma chinali chitatha. Ntchito imene anali nayo tsopano inali yofunsira ntchito, choncho nthawi anali nayo yambiri. Anaganiza zopanga gemu ya oware ya pa foni kuti madala awiriwa azisewera wina ali ku Madina wina ku Mampong. Anapempha bambo ake kuti amudikire. Iwo anati mwezi ndi womwewo, sawonjezera.

Woyamba kumva za ganizoli anali msuweni wake Nimako, wogulitsa mafoni pa msika wa ku Circle, mnyamata wovala magalasi a dzuwa ngakhale m'nyumba. Nimako anasangalala kwambiri moti anavula magalasiwo.

"Msuweni, mwayi wako ndi umenewu. Usapange kagemu ka amphawi ayi. Panga chinthu cholemera, chonyezimira, choti anthu akunja akachiona aiwale kumeza. Tsogolo la magemu lili pa mafoni akuluakulu. Enawo adzatitsatira m'mbuyo."

Pokuaa anamvera. Anajambula bolodi losema bwino ngati mpando wa mfumu, njere zowala ngati zapakidwa mafuta, ndipo njere iliyonse ikagwa m'dzenje kunkalira kang'oma. Pa foni ya Nimako gemuyo inkayenda ngati madzi. Anaimbira a Oteng n'kuwafotokozera mmene angaitsitsire m'foni mwawo. Anadikira. Bambo Ntiamoah anavala nsalu yawo yabwino ngati kukubwera alendo.

A Oteng anaimbanso kunena kuti foni ikuti malo atha. Pokuaa anawauza kuti si vuto, angofufutako zithunzi zina zakale. 

Kwathu kuno Loweruka ndi tsiku la maliro, ndipo a Oteng sankaphonya. Ankavala nsalu yawo yofiira ndi yakuda, n'kujambula chilichonse: bokosi, oimba, ana a malemu atakhala pamzere, ngakhale zikwangwani zolengeza maliro zimene zimamatidwa m'makoma. Foni yonse inali manda.

"Ndifufute uti, mwana wanga?" anafunsa a Oteng. "Mlongo wanga Akyaa? Aphunzitsi anga a sitandade wani? Anthuwa tinawaika kale m'nthaka. Ukufuna ndiwaikenso kachiwiri chifukwa cha njere?"

Nimako anati yankho n'losavuta, mdalayo agule foni yatsopano, ndipo mwamwayi iye anali nayo ina yabwino kwambiri pa shopu. A Oteng anayankha kuti foni yawo siinadwale, yadwala ndi gemu. Bambo Ntiamoah anavula nsalu yabwino ija, anaipinda, n'kuiika mu sutikesi.

Mmawa mwake Pokuaa anakwera trotro, kaminibasi ka m'tauni, kupita kwa Mayi Gyamfua, amene anamuphunzitsa kuyunivesite ndipo tsopano ankaphunzitsa achinyamata kupanga mapulogalamu mu holo ya tchalitchi ku Adenta. Anawapeza akudya waakye, mpunga wophika ndi nyemba, pa tsamba, ndipo anamvetsera nkhani yonse osasiya kudya.

"Foni ya a Otengwo unaiona ndi maso?" anafunsa.

"Ayi, Madamu."

"Ndiye unasokera munthu malaya osamuyeza. Wayeza msuweni wako, malaya n'kukapatsa nkhalamba."

Mayi Gyamfua anamuuza kuti asiye zoti munthu atsitse kanthu m'foni. Foni iliyonse, ngakhale yotopa, imabwera kale ndi bulawuza, kaja timatsegulira masamba a pa intaneti. Gemu ikhale ngati tsamba: munthu alandire linki pa WhatsApp, adine, bolodi lioneke pomwepo. Siitenga malo, siidya bandulo yambiri, ndipo wopanga akakonza kanthu, aliyense wotsegula mawa apeza chakonzedwa kale.

Pokuaa anati Nimako amanena kuti magemu a pa bulawuza ndi zinthu zakale, zinafa pamodzi ndi mashopu a intaneti aja tinkalipira pa ola.

"Zinafa kwa amene ali ndi foni ya mtengo wa njinga yamoto," anatero Mayi Gyamfua. "Ukakwera trotro pobwerera, uyang'ane mafoni ali m'manja mwa anthu. Amenewo ndiwo osewera ako, ndipo ndi ochuluka kuposa makasitomala a msuweni wako. Magemu olemera sadzatha ayi, ali ndi anthu ake. Koma kuno khomo lalikulu ndi linki. Ndipo ukamaliza, usatumize uli pampando. Pita ukakhale pambali pa mdalayo uone zimene azichita."

Pokuaa anachotsa mpando wa mfumu, mafuta ndi kang'oma. Zinamupweteka, pakuti kang'omako anakavutikira. Panatsala maenje khumi ndi awiri, njere zooneka bwino kwa munthu wa maso otopa, basi. Anasiya bambo ake m'manja mwa Nimako, yemwe anati gemu yatsopanoyo ikuoneka ngati thireyi ya mazira, ndipo anakwera basi ya ku Mampong.

Pokuaa anawapeza a Oteng pansi pa nimu, atazunguliridwa ndi madalaivala odikira kuti galimoto zidzaze. Foni yawo inali yosweka galasi, yomangidwa ndi mphira. Anadina linki ndi chala chachikulu, akuyang'ana kumbali ngati munthu woyatsa mbaula ya gasi koyamba. Bolodi linaoneka. Anaunguza zithunzi zawo, anapeza akufa onse ali m'malo mwawo, kenako anakhala bwino pa benchi.

Ku Madina, Bambo Ntiamoah anafesa njere zawo zoyamba, ndipo zinayenda pa galasi losweka la ku Mampong. Madalaivala anakuwa. Pokuaa anapuma, akuganiza kuti ntchito yatha.

Sinathe. A Oteng atangodya njere ziwiri, anatseka gemu n'kuimba foni.

"Ntiamoah! Wamva kuwawa? Mpweya wa ku Accra wakuumitsa mutu eti?"

Atadula n'kubwerera ku gemu, anapeza bolodi layambiranso, njere zinayi zinayi m'dzenje lililonse. Anayambanso. Bambo Ntiamoah atadya zitatu, nawonso anaimba kufunsa ngati a Oteng akufuna awatumizire mwana wa sukulu wowathandiza kuwerenga. Bolodi linafufutikanso. Dzuwa linapendeka palibe gemu imodzi imene yatha, ndipo aliyense ankalumbira kuti iye ndiye anali kutsogola.

Pokuaa anawapempha kuti aziyamba amaliza kusewera, kutukwanana kubwere pambuyo. A Oteng anamuyang'ana mwachisoni, ngati mwana amene makolo anawononga ndalama pomuphunzitsa.

"Ndidye njere za munthu, n'kukhala chete? Ndiye ndadyeranji?"

Mtsikanayo anakhala pa benchi n'kuyang'ana bolodi lenileni limene madalaivala ankasewera pambali. Anakulira pafupi ndi masewerawa, koma anali asanawaonetsetse. Osewera anali awiri, olankhula anali khumi. Wina ankapereka malangizo olakwika dala, wina ankaimba nyimbo ya maliro njere zikamadyedwa, mayi wogulitsa nthochi zootcha ankaweruza milandu ali pa mbaula yake. Pokuaa anali atapanga oware wa anthu awiri osalankhula, chinthu chimene ku Mampong sichinaonekepo.

Anagona kwa a Oteng masiku angapo, laputopu ili pa tebulo la m'khitchini. Anakonza kuti bolodi lizikumbukira pamene lasiyira, kaya foni yalira kaya netiweki yathawa. Anaika batani lalikulu lofiira loti munthu akalidina alankhule, mawu ake amveke kumbali inayo gemu isanatsekeke. Kenako anachita chimene pulogalamu yolemera ija sikanatha: linki yomweyo aliyense akaitsegula ankaona masewero, ndipo naye anali ndi batani lake. Ankati akakonza kanthu usiku, mmawa a Oteng ankakapeza kali kale m'foni, ndipo ankamuyang'ana mokayikira.

Pamene ankabwerera ku Madina, linki inali itamutsogolera. Inali itafika kwa madalaivala a ku Kumasi, kwa mphwake wa a Oteng amene amasamalira okalamba ku Italy, ndi kwa ophunzira a Mayi Gyamfua, omwe anayamba kufunsa ngati angapange yawo ya ludo. Atatsika trotro anamva phokoso ali pa geti. Pabalaza panali bambo ake, foni itatsamira botolo la mankhwala, siteshoni yonse ya Mampong ikulankhulira m'menemo. Nimako anali pambali pawo, akutsatira pa foni yake ya mtengo wa njinga yamoto, akukuwa malangizo amene palibe ankawamvera.

"Ine ndinanena kalekale kuti tsogolo lili pa linki," anatero Nimako atamuona.

"Unanena, msuweni. Ndinamva ndi makutu anga," anayankha Pokuaa, akuvula nsapato.

Bambo Ntiamoah anali ndi dandaulo limodzi lokha. Anati gemuyo ndi youma mtima, siilola munthu kubisa njere m'chikhatho kapena kuponya ziwiri m'dzenje limodzi.

"Kodi inu munkabisa, Ababa?"

"Ine ayi. Ndikumvera chisoni Oteng. Akuvutika kwambiri."

Mwezi unatha tsiku limene a Oteng anapambana kawiri motsatizana. Mayi wa nthochi uja anadina batani lake n'kuimba nyimbo ya maliro mpaka kumapeto, madalaivala akuvomereza. Bambo Ntiamoah anaseka mpaka kupukuta misozi, kwinaku akulonjeza aliyense payekha kuti adzamuona. Phokoso litachepa, Pokuaa anawabweretsera madzi ndi mankhwala, ndipo anafunsa mosayang'ana kumaso ngati mawa akagule tikiti ya basi.

"Ndipite nditaluza? Akandilandire ndi ng'oma pa siteshoni?" Anameza mapiritsi aja popanda kukakamizidwa. "Iwe uwauze a kuchipatala aja kuti Lachinayi ndikubwera, ndipo asandinyengerere. Mwendowu uwongoke. Pa Khirisimasi tipitira limodzi, ndikamukwapule nditaimirira."

Kenako anadina batani lofiira.

"Oteng, usathawe. Yala njere."

Phunziro: Ukafuna kupangira anthu chinthu, yamba wakhala nawo pansi, uone chimene ali nacho m'manja ndi mmene amachigwiritsira ntchito. Luso la makono silipindula chifukwa chonyezimira koma chifukwa chofikira anthu pamene ali. Ndipo wokalamba wodwala safuna mankhwala okha, amafunanso anzake.