Njerwa za Malemu Jailosi

"Nanga iyi ingamange chiyani?" anafunsa Kelvin akutembenuza njerwa m'manja.

Agnes anailandira. Inali yolemera, yaitali kuposa njerwa zimene anthu amaumba masiku ano, ndipo mbali imodzi inali yopyapyala ngati nkhwangwa. Mulu wonsewo unali kuseri kwa nyumba ya makolo awo, wofoleredwa ndi udzu ndi malata akale, ndipo unkalekeza m'khosi mwa munthu. Panali patapita masiku atatu chiikireni m'manda bambo awo, a Jailosi. Dzulo lake anali atasesa, achibale ambiri n'kubalalika.

"Zokhota chonchi n'zochepa," anapitiriza Kelvin. "Zambiri n'zowongoka, kungoti n'zazikulu. Mmisiri amene ndinabwera naye m'mawa wangoseka, akuti sizingagwirizane ndi njerwa zina. Palibe kanthu, tidzazisema. Lole ibwera Loweruka."

Kelvin anali mlongo wake wamng'ono. Ntchito inamuthera ku Lilongwe chaka chatha, ndipo chibwerereni matipate aliyense ankatsegula okala m'mbali mwa msewu. Iye ankafuna kumanga golosale ku Chipoka, pafupi ndi siteshoni.

"Sunafunse n'komwe kuti bambo ankaziumbiranji," anatero Agnes.

"Achemwali, bambo anali mmisiri. Mmisiri amaumba njerwa. Chofunsa n'chiyani pamenepa?"

Kwa Agnes chofunsa chinalipo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anakhala akuyala mabedi ku hotela ina ku Senga Bay, kumudzi n'kumangobwera pa Khirisimasi, ndipo muluwo ankauona ngati mmene munthu amaonera chulu. Tsopano unamuvuta maganizo. Mmisiri wanzeru angaumbirenji njerwa zoti palibe angagule?

Mayi awo, a Stella, anali pakhonde atavala zakuda, miyendo atatambasula. Agnes atawafunsa, iwo anatsonya.

"Azitenge. Zaka makumi atatu ndakhala pamitala ndi njerwa zimenezo. Taona mng'alu uwo." Analoza khoma la nyumba yawo, pomwe mng'alu unatsika kuchoka padenga mpaka pazenera. "Mwamuna mmisiri, nyumba yake yong'aluka. Ukawauza, ati mawa."

"Nanga njerwazo ankapita nazo kuti?"

"Kumishoni. Lachinayi lililonse, ziwiri kapena zitatu panjinga. Ine sindinkawalondola. Ukafunse Che Omari, mnzawo wapamtima uja."

Sanachite kuwafuna. Dzuwa litakwera pang'ono Che Omari anatulukira okha kudzazonda anamfedwa, atavala mkanjo woyera ndi mzuli, ndodo ili patsogolo popeza maso anali atayamba kuchita khungu. Anali Msilamu wa kugombe, wazaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Atatha malonje, Agnes anagwada n'kuwapatsa njerwa ija. Iwo sanaiyang'ane. Anaisisita ndi zala, mbali zonse zinayi.

"Iyi ndi ya pakhomo laling'ono la kunyanja," anatero. "Malo ake akuidikira. Ngati miyendo ilipo, mwanangu, tiye ukaone. Nawenso mnyamata."

Agnes ananyamula njerwa ija, Kelvin n'kutsatira monyinyirika.

Agnes anabatizidwira m'tchalitchi chimenecho, ukwati wake unadalitsidwira momwemo, ndipo masiku atatu apitawo bokosi la bambo ake linali patsogolo pa guwa. Koma Che Omari atamuimika pabwalo n'kunena kuti, "Usalowe, yamba wayang'ana," anaona ngati wafika pamalo achilendo. Makoma ofiira, osapaka kanthu. Nsanja ya belu yamakona anayi, yokhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi. Mizati yokhuthala yotsamira makoma kunja, isanu mbali iyi, isanu mbali inayo. Pamwamba pa khomo lalikulu panali manambala osemedwa, 1931.

"Tayang'ana pamutu pa khomolo. Pali mtanda wa thabwa? Pali chitsulo?"

Panalibe. Njerwa zinangokwera mbali zonse ziwiri, kukhota ngati uta, n'kukakumana pamwamba mosongoka pang'ono.

"Ndiye chikuzigwira n'chiyani?" anafunsa Agnes.

"Zikugwirana zokha. Iliyonse ikufuna kugwa, koma inzake yaitsekera njira. N'chifukwa chake mbali imodzi ndi yopyapyala." Che Omari anaseka. "Anamanga ndi bambo anga, Che Muhammad. Umisiri anauphunzira ku Nkhotakota. Wansembe wa ku France anabwera ndi chithunzi cha tchalitchi cha kwawo, makomo ake obulungira. Bambo anamanga losongoka, monga ankamangira khomo la mzikiti. Wansembeyo analiyang'ana tsiku lonse, ndevu ali chigwirire, kenako anati lisiyeni. Tsiku lochotsa mitengo yochirikiza, anthu anathawira kutali, ati ligwa. Bambo anayala mphasa pansi pake penipeni n'kuitanitsa tiyi."

"Msilamu kumanga tchalitchi?" anatero Kelvin.

"Nanga akanamanga ndani? Agogo ako ndiwo ankaumba njerwa, chikombole anasema okha, chomwe chija bambo ako ankagwiritsa ntchito. Koma kuyala khoma kunali kwa bambo anga."

M'kati munali mozizira ngakhale kunja kunali kutentha kwa Okutobala. Agnes anali asanadzifunsepo chifukwa chake. Che Omari anakweza ndodo kuloza kumwamba, pansi pa denga la matailosi, pomwe panali mzere wa mipata yosiyidwa dala m'khoma.

"Pachithunzi paja panalibe zimenezo. Bambo anamuuza wansembe kuti tchalitchi chakecho chikamangidwa kuno mmene chilili, Akhristu ake apsa ngati mbatata. Mphepo ya kunyanja imalowa m'mazenera, yotentha n'kutulukira uko."

Anatulukira pakhomo laling'ono, mbali yoyang'ana kunyanja. Kumeneko Che Omari anakanda pakati pa njerwa ziwiri ndi chikhadabo, n'kuika timiyala toyera m'dzanja la Agnes. Tinali tizidutswa ta zigoba za nkhono.

"Muno mulibe simenti. Ankatola zigoba kugombe, kuziotcha, kuzisandutsa laimu, kusakaniza ndi mchenga. Dothi la mbali ino lili ndi mchere. Mvula ikagwa chinyezi chimakwera khoma, njerwa n'kumafumbutuka ngati ufa. Chaka chimene tinalandira ufulu, wina anamata simenti apa. Patapita mvula ziwiri, njerwa zonse zozungulira zinadyeka, chifukwa chinyezi chinasowa potulukira. Bambo ako anagumula simentiyo usanayambe n'komwe sukulu. Kuyambira pamenepo, iye njerwa, ine laimu. Yodyeka timachotsa, yatsopano timaika."

Agnes anayang'anitsitsa khomalo. "Zatsopanozo ndi ziti?"

"Peza wekha."

Anayenda cham'mbali, nkhope pafupi ndi khoma. Mtundu unali umodzi, kukula kumodzi, mizere yosaphonya. Analephera. Che Omari anagogoda njerwa ina ndi ndodo, inalira mogonthera. Anagogoda ina pansi pake, inalira ngati mbale.

"Yolirayo ndi ya Jailosi."

Agnes anatulutsa kiyi wa chipinda chake cha ku Senga Bay n'kuyamba kugogoda. Iyi ya bambo. Iyinso. Iyi ya agogo. Iyi ya bambo. Anapitirira mzati woyamba, wachiwiri, mpaka kumapeto, akuwerama ndi kuweramuka, mpango utagwera paphewa. Kuchokera pansi kufika m'chiuno, pafupifupi khoma lonse linkalira. Atabwerera, maso ake anali atanyowa koma ankamwetulira.

"Ansembe ankadziwa zimenezi?" anafunsa Kelvin.

"Ena ankadziwa. Ena ankangoona nkhalamba ziwiri zosowa chochita. Amene alipo panowa ndi achinyamata, abwino mtima, koma alonjezedwa simenti yoti apake tchalitchi chonse chiwale ngati banki. Bambo ako atamva, komanso atadziwa kuti chifuwa chija sichiwasiya, anaumba chilimwe chathachi ndi chinacho osapuma. Ankati wobwera pambuyo asadzanamizire kusowa njerwa."

"Wobwera pambuyoyo ndani? Ine?" Mawu a Kelvin anakwera. "Ndili ndi ana atatu, ntchito ndilibe. Amayi akugona m'nyumba yong'aluka. Tchalitchi chili ndi eni ake, chili ndi abishopu, chili ndi azungu ochithandiza. Ife bambo atisiyira chiyani kupatula mulu umene uja?"

"Sukunama," anayankha Che Omari mofatsa. "Ine sindinakuitanire kuno kuti ndikulande. Njerwa ndi zanu. Mlongo wako anafunsa, ine ndayankha."

Agnes anakweza maso. Anali atapeza chimene anabwerera: pa uta wa khomo laling'ono lija panali mpata, wosemedwa bwino, wopanda fumbi. Anatenga njerwa ija, anaima chadzolidzoli n'kuikankhira m'mpatamo, mbali yopyapyala pansi. Inalowa yonse mpaka kufanana ndi zinzake.

"Anakonza malowo Lachinayi lomaliza," anatero Che Omari. "Lachinayi linalo anali kuchipatala."

Kelvin anayandikira, anapapasa m'mphepete mwa njerwayo kufuna pomwe yatsalira. Sanapapeze. 

"Zokhotazo zitsale," anatero pomaliza. "Zinazo tikakambirana ndi amayi."

"Ine Lamlungu ndikaonana ndi Bambo Mfumu," anatero Agnes. "Ndidzawapatsa kiyi uyu agogode okha."

Che Omari anayang'ana pansi pomwe mthunzi wa khoma unali utafupika. "Nthawi ya swala yakwana, ndipo kumzikiti sindingafike. Mwanangu, talowa munsanja ya belu. Kunsi kwa makwerero, kumanzere, pali msomali."

Pamsomalipo panapachikidwa thumba la feteleza, kutali ndi chiswe. M'kati munali mkeka wopindidwa bwino ndi ketulo yaing'ono. Chingwe chinamangidwa mfundo imene Agnes anaidziwa, yomwe bambo ake ankamangira katundu panjinga.

Kelvin anakatunga madzi pampopi. Che Omari anawatsogolera kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mbawa. Pamenepo panali kabwalo koyalidwa njerwa, kongokwana munthu mmodzi. Agnes anaona kuti sikanalunjike ndi khoma la tchalitchi, kanapendekera kumbali.

"Bambo anakhotetsa apa?"

"Jailosi kukhotetsa? Anakabwereka kampasi kwa wansembe, n'kundifunsa kuti Maka, komwe timayang'ana popemphera, ali kuti. Ine ndinangoloza ndi dzanja. Iye anati dzanja silokwanira, anakafunsa ashehe, anayeza masiku awiri." Anavula nsapato. "Ndikamaswali iye ankakhala apo, kundiingira mbuzi."

Pambali panali chitsa chosalala chifukwa chokhalidwa. Kelvin anawathirira madzi m'manja pang'onopang'ono, nkhalambayo n'kusamba kumaso, mikono ndi mapazi, kenako inaima pamkeka kuyang'ana kumpoto. Mbuzi ziwiri za pamishoni zinatulukira pangodya, zikununkhiza pansi. Agnes anatola kamtengo n'kukhala pachitsapo.