Lole Inatenga Mwana wa Duchess

Mwamuna wanga Clint anayamba kukama ng'ombe ali kamnyamata, ndiye amaona ngati chilichonse chokhala ndi mabere amachidziwa. Uchitsiru wake wagona pamenepo.

Mwana wathu Tilly sayanjana ndi mkaka wa ng'ombe. Dontho lokha, milomo kutupa, mwana kubanika. Titayesa wa mbuzi tinakathera kuchipatala ku Toowoomba. Wa nkhosa adokotala anatiletseratu, akuti mapuloteni ake ndi pachibale ndi a ng'ombe, thupi la Tilly silisiyanitsa. Wa ngamila wokha ndi umene anamwa pamaso pa adokotala, ife mitima ili m'mwamba, osatupa. Ndiye tinagula ngamila yaikazi ndi kamwana kake, Tilly n'kuitcha Duchess.

Wogulitsayo ananena momveka kuti ngamila situlutsa mkaka mwana wake akapanda kukhala pambali. Clint analipo, koma maso ali pa thirakitala ya eni ake.

Tsiku limene lole imabwera kudzatenga ana a ng'ombe, ine ndi Tilly tinali m'tauni. Pobwera ndinamva Duchess akulira, akuzungulira mpanda ngati wamisala. Kamwana kulibe.

"Iwe Clint, kali kuti?"

"Ndakakweza pa lole limodzi ndi matholewo," anatero akupukuta manja, akudzimva kuchenjera. "Kamatimalizira mkaka wa Tilly. Mtima m'malo, Narelle, ng'ombe zimalira pang'ono n'kuiwala."

"Ng'ombe! Ukuona ng'ombe apa iwe? Linunda lonseli sukuliona?"

"Bere ndi bere."

Ndinaimbira woyendetsa lole, foni osayankha. Ndinaimbira kumsika wa ziweto, akuti kagulidwa kale, kapita kumadzulo, wogula sakumudziwa. Pamenepo ndikanatha kumukweza Clint pa lole yomweyo, ndithu.

M'mawa mwake anatenga ndowa monyada kuti andionetse. Anagwada, anasisita, anakoka, anaimba likhweru limene amaimbira ng'ombe pokama. Duchess anangomulavulira m'khosi. M'ndowa munali mbee, ngakhale dontho.

Kenaka Tilly anatulukira atavala nsapato zamphira mosemphanitsa, kapu yake yachikasu ili m'manja. Kumbuyo kwa bambo ake kunali thanki yodzaza mkaka wa ng'ombe, woti ungamuphe.

"Adadi, mkaka wanga?"

Clint anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ine ndinapinda manja.

"Muyankhe," ndinatero. "Si iwe wodziwa mabere?"