Denga la Bi Mwanakhamis

Chibuma chinagwa pamene Bi Mwanakhamis ankathira tiyi m'makapu. Anamva kuti phu kuchipinda, kenako kulira kwa mdzukulu wake. Anasiya ketulo n'kuthamanga.

Riziki, kamtsikana ka zaka zitatu, kanali katakhala tsonga pabedi, mutu uli mbuu ndi fumbi la laimu. Pambali pa pilo panali mwala waukulu ngati kokonati. Kudenga kunali chiboo, ndipo mtanda umodzi unkaoneka wakuda, wonyowa, utapindika pakati. Bi Mwanakhamis anamunyamula mwanayo n'kumupapasa mutu, mapewa, timiyendo. Sanavulale. Agogowo anangokhala pansi pomwepo, mwana ali m'manja.

Mmisiri Faki anabwera masana. Anakwera pampando n'kubaya mtandawo ndi mpeni. Mpeni unalowa ngati akubaya papaya wakupsa.

"Mayi, sindikunamizani," anatero. "Mitanda yonse ya mbali iyi yatha. Mvula yaikulu ikangoyamba, ine sindingagone m'nyumba muno."

"Simungangochirikiza?"

"Ndichirikize chiyani? Ufa?"

Nyumbayo, ya miyala ya m'nyanja, inamangidwa ndi agogo a malemu mwamuna wa Bi Mwanakhamis, mumsewu wopapatiza wa ku Kiponda, pachilumba, momwe galimoto sililowa. Bi Mwanakhamis analibe kwina kopita. Mwana wake wamkazi, mayi ake a Riziki, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Muscat, ndipo zomwe ankatumiza zinkathera pa chakudya.

M'kabati munali pepala lomwe linakhalamo mwezi wathunthu. Analisiya Bwana Mushi, wa kampani ya masitolo obiriwira aja omwe adzaza ku Dar es Salaam, onse ofanana, mafiriji ofanana, magetsi ofanana. Kampaniyo inkafuna chipinda chapansi kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo inalonjeza kukonza nyumba yonse, kuyambira maziko mpaka denga. Vuto linali limodzi. M'chipinda chapansicho munali golosale ya Pandu, mng'ono wa mwamuna wake, yemwe anagulitsamo mpunga, sopo ndi mafuta zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Nkhani inali itamveka kale mumsewu wonse. Madzulo ake, anthu atabwera kumzikiti, eni timasitolo anaitanira Bi Mwanakhamis pakhonde la telala Kombo.

"Tamva kuti mukutibweretsera mafiriji oimba nyimbo," anayamba Bi Tatu, wophika zitumbuwa, yemwe khomo lake linkayang'anizana ndi la Bi Mwanakhamis. "Zabwino zonse. Mwina nafenso atiika mufiriji tisaole."

Ena anaseka, koma Kombo sanaseke.

"Bi Mwanakhamis, msewu uno umayenda ndi miyendo," anatero. "Munthu amagula buledi kwa Hamadi, n'kumwa khofi kwa Seif, n'kusiya malaya kwa ine, n'kumalizira kwa Pandu. Tonse timadya pa munthu mmodziyo. Amenewo akabwera, buledi, khofi, madzi, sopo, zonse khomo limodzi. Munthu adzalowa, n'kutuluka, n'kumapita. Hamadi adye chiyani?"

"Ndiye chikwangwani chowala usana ndi usiku pakhoma la makolo athu!" anawonjezera Bi Tatu. "Simuchita manyazi?"

Bi Mwanakhamis anakoka mpango wake.

"Lero m'mawa mwala wagwa pomwe pamagona mutu wa mdzukulu wanga. Manyazi ndinali nawo dzulo. Ndiuzeni, mwa inu nonse, akonze denga langa ndani?"

"Tisonkherana," anatero Hamadi chapansipansi.

"Munasonkha chaka chatha, Mulungu akudalitseni. Zinagula matumba awiri a laimu. Faki akunena za mitanda makumi atatu."

Bi Mwanakhamis anayang'ana Pandu, kudikira kuti anenepo kanthu, kaya kumuchonderera, kaya kumutukwana. Pandu anangozyolika, akusisita chipewa chake pabondo.

M'mawa mwake Bi Mwanakhamis anatsikira kugolosale kuti akambirane awiriwiri. Anapeza Pandu akukolopa pansi. Mvula sinagwe, koma madzi ankachokera kunsi kwa matumba a mpunga omwe anasanjikizidwa kukhoma la kumbuyo mpaka kudenga.

"Alamu, madzi awa akuchokera kuti?"

"Ndagwetsa ndowa."

"Ndowa yake ili kuti?"

Pandu anapitiriza kukolopa. Bi Mwanakhamis anagwira thumba lapamwamba n'kulikokera pansi, kenako lachiwiri, lachitatu. Kuseri kunali mkeka wakale wokhomedwa ndi misomali. Anauzula.

Khoma linali litatupa ngati mimba. Mng'alu wolowa dzanja lonse unachokera pansi kukafika kudenga, ndipo mitengo iwiri yopyapyala inali itachirikizidwa pamenepo, umodzi utayamba kale kuthyoka.

"Zinayamba liti izi?"

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Zaka ziwiri! Inu n'kumandipatsa moni m'mawa uliwonse?"

"Ndikananena, mukananditulutsa kuti mukonze. Ndikanapita kuti, mlamu? Tsitsi lonseli layerera m'chipinda muno. Ntchito ina sindiidziwa. Ndimati ndikapeza kangachepe ndiitana mmisiri mwakachetechete."

"Riziki amagona pamwamba pa khoma ili," anatero Bi Mwanakhamis. "Mdzukulu wa mkulu wanu. Mumamupatsa maswiti ndi dzanja lomweli lomwe munakhomera mkeka."

Pandu anakhala pa thumba la mpunga n'kuphimba nkhope. Bi Mwanakhamis ankafuna kumumenya, ankafunanso kulira naye limodzi. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anakwera masitepe n'kukaimbira foni Bwana Mushi.

Mushi anafika m'mawa mwake pa sitima ya pamadzi, malaya ositidwa bwino, thukuta lili kamukamu. Sanali munthu woipa. Anavula nsapato pakhomo, n'kulandira tiyi ndi manja awiri.

"Chitseko chosema cha pakhomo la nyumba ino musachichotse," anatero Bi Mwanakhamis, cholembera chili m'manja.

"Sitingachikhudze, mayi. Malamulo salola."

"Nanga alamu angawa? Simungawalembe ntchito? Amadziwa munthu aliyense mumsewu uno."

Mushi anakanda m'khosi. "Timalemba achinyamata odziwa makina. Koma ndikafunsa."

Onse awiri anadziwa kuti tanthauzo lake ndi ayi. Bi Mwanakhamis anasaina, masamba atatu.

"Ndiye amisiri anu abwera liti? Mawa?"

Mushi anaika mapepala m'chikwama asanayankhe. "Choyamba chipindacho chikhale chopanda kanthu kuti oyeza ayeze. Kenako mapulani apite ku ofesi yoona za nyumba zakale. Zikanakhala zachangu, koma anansi anu dzulo apereka kalata yotsutsa. Ndiye pakhala msonkhano, aliyense amvedwe. Miyezi itatu, mwina inayi."

"Inayi? Bwana Mushi, mvula ikubwera masabata atatu okha!"

"Popanda chilolezo sitingakhome ngakhale msomali, mayi. Aboma akhoza kutilanda zonse. Mulibe achibale kumudzi oti mukayambe mwakhalako?"

Analibe. Anamuperekeza mpaka pakhomo, n'kuima pamenepo kuyang'ana msana wake ukukhota pakona.

Pandu anasamuka Loweruka. Anabwereka ngolo yokankha n'kuyenda maulendo asanu ndi anayi, kutengera katundu kwa mwana wake ku Mwanakwerekwe, kutali ndi makasitomala ake onse. Kombo ndi Hamadi anamuthandiza kunyamula mashelefu. Bi Mwanakhamis anatsika ndi kapu ya madzi. Pandu anamwa, n'kubweza kapu, n'kumupatsa makiyi osamuyang'ana kumaso.

Kuyambira tsiku limenelo moni unatha. Bi Mwanakhamis akamadutsa, Seif ankatanganidwa ndi makala ophikira khofi. Hamadi ankamugulitsa buledi ngati mlendo wotsika sitima. Agogowo anapita kawiri ku ofesi ija, n'kudikira pabenchi ndi Riziki pamiyendo. Kalaliki anamumvera chisoni, n'kumuonetsa dzina lake pa mndandanda. Tsiku la msonkhano linali lisanaikidwe. Anasamutsira bedi kukhitchini, mbali yomwe Faki anati ndi yolimbako pang'ono, ndipo kaphokoso kalikonse ka khoswe kankamudzidzimutsa.

Mvula sinadikire masabata atatu. Inafika Lachinayi masana, kumwamba kutada ngati madzulo. Msewu unasanduka mtsinje. Bi Mwanakhamis anatchera mabeseni, mapoto, ngakhale mbale zodyera. Kenako anamva phokoso kunsi, m'golosale mopanda kanthu muja, ngati wina wathyola nkhuni pabondo. Pansi pa khitchini panagwedezeka pang'ono. Fumbi linayamba kutsika kudenga.

Sanatenge kalikonse koma mwana ndi nsalu imodzi. Anatsika masitepe atatsamira khoma la kumanja, n'kutulukira mumvula. Khomo la Bi Tatu linali mapazi anayi okha. Anaima pamenepo, madzi akumufika m'akakolo, dzanja lili m'mwamba osagogoda. Riziki anayamba kutsokomola. Agogowo anagogoda.

Bi Tatu anatsegula, chipande chili m'manja. Anayang'ana mnzakeyo, n'kuyang'ana mwana.

"Sindikupempha za ine," anatero Bi Mwanakhamis. "Mwana yekhayu. Mumusunge mpaka mvula ikate."

Bi Tatu anaponya maso kutsidya. Pakhoma la nyumba ija mng'alu unali utatulukira kunja, ndipo madzi amatope ankatuluka mmenemo.

"Inu mubwerera mmenemo?"

"Ndi kwathu."

"Musandipusitse ine. Lowani, mukundilowetsera madzi."

Anamulanda mwanayo, n'kumuvula diresi yonyowa, n'kumukulunga m'chitenje chouma. Anakankhira kampando pafupi ndi mbaula, osanena kuti ndi ka ndani. Bi Mwanakhamis anakhala.

"Koma mudziwe," anatero Bi Tatu akutembenuza zitumbuwa, "kalata yathu ija sitichotsa. Dzina loyamba ndi langa."

"Ndikudziwa."

"Pamsonkhano ndidzayankhula, ndipo sindidzakunyengererani."

"Mudzayankhule."

Bi Tatu anaika zitumbuwa ziwiri m'mbale, n'kuikankhira pakati pawo. Chitseko anachisiya chotsegula. Anakhala choncho mpaka kunja kunayamba kuda, onse awiri maso ali pakhoma la kutsidya.