Mbawala Imene a Jobu Sanaione

A Jobu anali ndi chinsinsi chowasowetsa mtendere: maso awo anali atachita ng'ala. Panyumba ya ku Area 9 pamene ankasamalira maluwa, palibe ankadziwa. Udzu ankausiyanitsa ndi maluwa pofufuza ndi zala, mpopi ankaupeza powerenga mapazi. Nanga ntchito itati ithe, angalowere kuti munthu wa imvi, ana atatu akadali pasukulu?

Tsoka ilo, abwana awo, mayi Fiona, anakumbukira zoti pa unyamata wawo a Jobu ankaperekeza alendo kukaona nyama pa loji ina ya m'nkhalango ya kumapiri.

"A Jobu, Loweruka mutiperekeze ku Dzalanyama. Alamu anga abwera kuchokera ku Joni, akufuna akaone nyama."

A Jobu anafuna kukana. Koma abwana sakanidwa, ndiye anangoti, "Chabwino, mayi."

Kunkhalangoko zinthu zinayamba bwino zedi, pakuti makutu a mkuluyu anali akadali anyamata. Nthambi ikangothyoka, iwo ankakweza dzanja. "Imani kaye. Apusi awo, mumsuku wa kumanzerewo." Onse kuyang'ana, apusi alidi pomwepo. Mbalame ikalira, ankaitchula dzina isanatseke kukamwa. Alamu aja ankangojambula, uku akuti, "Madala awa ndi dolo!" Kunena zoona, a Jobu anasangalala tsiku limenelo mpaka anaiwala mantha awo.

Koma mbawala siilira ikaona anthu. Imangoima. Ndipo iyi inaima pakati penipeni pa njira, pafupi moti ukanatha kuwerenga mawanga a m'nthiti mwake. Anthu onse anangoti zii, osafuna ngakhale kupuma mokweza.

A Jobu anamva kuti anthu atonthola, n'kuganiza kuti atopa.

"Pano palibe chilichonse, mayi," anatero mokweza, nkhope italunjika kwa mbawalayo. "Nyama zinathawa owotcha makala. Tiyeni kutsogoloku."

Anaponya phazi. Mbawala inalumpha, tchire linaphwanyika, ndipo a Jobu anadziwa chimene achita. Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Anabwerera ku Lilongwe. Atafika pageti dzuwa likupendeka, mayi Fiona anawaitanira pambali.

"Zinayamba liti, a Jobu?"

"Chaka chatha, mayi. Koma manjawa akadali bwinobwino."

"Mwakhala mukukwera makwerero, mukudula mitengo ndi chikwanje, osaona? Ayi, mukapume."

Mawu akuti kupuma ndi oipa. Amauzidwa munthu wotopa ndi ulendo, amauzidwanso munthu amene ntchito yamuthera. A Jobu anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Mawa lokha, mayi?"

Mayi Fiona anapukusa mutu.

"Kuchipatala ndikuperekezani ndine. Koma Lolemba kubwera a Lexon, osamalira maluwa a ku Area 14 aja. Mudzawaonetse pokhala makasu."