Mfumukazi Akadali M'ndende

Atabwerako kunja, anapeza zonse zachepa: msewu, khonde, ngakhale mkulu wake, amene matenda anamudya n'kumusiyira makutu okha. Chomwe sichinachepe ndi mkangano wawo.

Ali anyamata ankalimbana pa nkhani ziwiri zazitali, za mabuku ambirimbiri. Iye ankakonda ya Alonda a Mphepo. Mkulu wakeyo ankafera ya Mfumukazi ya Mchere, ya zinjoka zamapiko ndi malupanga olankhula. Buku likafika ankalidula pakati ndi mpeni: mkulu akamaliza theka loyamba amponyere mng'ono wake, iye n'kupitiriza lachiwiri. Kenako sitolo ya mabuku inasanduka ya mafoni, nkhani ya Mfumukazi n'kuimira pa buku lachisanu, mayiyo ali m'ndende.

"Wakunja iwe, unawawerenga onse a Mfumukazi?" anafunsa mkuluyo ali pabedi.

"Onse, achimwene."

"Ndiye? Anatuluka?"

Mng'onoyo anayang'ana chikwama chake. Mabuku otsalawo anali momwemo, ndipo analakalaka akanawaiwala pa eyapoti. Wolemba uja anasochera: mabuku awiri athunthu anthu akungoyenda m'chipululu, akufa n'kumadzuka ngati atopa kugona. Munthu wadikira zaka zonsezi, umpatse zimenezo?

"Ndi aatali," anatero.

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi oipa eti? Kunjako sanakuphunzitse bodza?"

"Alonda anatha bwino, achimwene. Palibe chimene wolemba anasiya m'malere. Koma wanuyu..."

"Alonda akowo ndi aulemu ngati akalaliki. Unamulirapo ndani mmenemo?"

Mng'onoyo anafufuza m'mutu. Sanapeze ndi mmodzi yemwe.

"Waona? Ine anthu awiri anandisiya, iwe ndi Mfumukazi. Mmodzi wabwera, imvi mbuu. Nditulutsire winayo."

Mng'onoyo anatulutsa buku lachisanu ndi chimodzi, latsopano, lonenepa ngati njerwa. Mkulu wake analephera kulinyamula, buku n'kugwera pabulangeti. Anayesanso. Linagwanso.

Kunjako, mng'onoyo sankalola mnzake kupinda ngakhale kangodya ka tsamba. Anadzuka n'kulowa kukhitchini.

"Mpeni ngwachiyani, alamu?" anafunsa mkazi wa mkulu wake.

"Tikuwerenga."

Anadula bukulo pamsana. Theka loyamba linakhala bwinobwino m'manja mwa wodwalayo.

"Lachiwirilo usaliyambe."

"Ndinaliwerenga kale, achimwene."

"Uko kunali kunja. Pano udikira ine."

Anakokera mpando pafupi ndi bedi, nakhala, nadikira.